Miyala ya ku Tengenenge ndi Mayina a Matchona

Munthu wofuna kukongoletsa pabalaza masiku ano sachita kuyenda mtunda. Amangotsegula foni n'kulemba mawu awiri atatu pa intaneti, ndipo zithunzi zosindikiza, nsalu zopachika pakhoma ndi ziboliboli zimandandalikana pamaso pake pamodzi ndi mitengo yake. Akalemba mawu oti Shona sculpture pa masamba a malonda monga eBay kapena Etsy, amapeza miyala yosemedwa yambirimbiri: mitu ya anthu yakuda bii yonyezimira, mayi wofungatira mwana, mbalame, banja logwirana manja. Pansi pa chithunzi amalemba kulemera kwa mwalawo, kutalika kwake, ndi mawu oti ndi luso la Ashona a ku Zimbabwe. Miyala ina imakhala ndi dzina la amene adaisema, koma yochuluka ilibe.

Mawu awiri amenewo ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imadutsa pa famu ina ya fodya m'boma la Guruve, m'chigawo cha Mashonaland Central, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare. Famuyo dzina lake ndi Tengenenge. Ambiri mwa anthu amene adayamba kusema miyala kumeneko m'chaka cha 1966 sadali Ashona. Adali Achewa ndi Ayao ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, komanso Ambunda a ku Angola, amene adapita kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Wogula amene akufuna kudziwa chimene akulowetsa m'nyumba mwake ayenera kuyamba wadziwa mmene anthu amenewa adafikira kumeneko.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda ku Nyasaland lidaika msonkho wa nyumba wofunika kulipira ndi ndalama, pomwe ntchito zolipira bwino m'dzikomo zidali zochepa. Amuna adayamba kutsika kumwera, ena ku migodi ya ku Joni, ena ku Southern Rhodesia, dziko limene kwathu ankangolitchula kuti ku Halale. Ambiri ankayenda wapansi kwa masabata, kudutsa m'dziko la Apwitikizi cha ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kulowa ku Rhodesia cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Mu 1903 eni migodi ndi boma adakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene antchito adalipatsa dzina loti Chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Pambuyo pake kudabwera malole onyamula anthu mwaulere, amene adangodziwika kuti Ulere, ndipo mu 1946 kudabwera bungwe lina limene aliyense ankalitchula kuti Mthandizi. Mayina awiri omalizawa ndi a Chichewa, ndipo akusonyeza kumene antchito ambiri ankachokera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, fodya wa ku Rhodesia adapeza msika waukulu ku Britain. Minda idatsegulidwa yambiri m'madera a Mvurwi, Centenary, Bindura, Banket ndi Karoi. Ashona a m'maderawo, amene adali atalandidwa malo abwino, sankafuna kwenikweni kugwira ntchito m'mafamu a malipiro ochepa bola ali ndi kamunda kawo ndi ng'ombe zawo. Choncho eni mafamu adadalira kwambiri alendo. M'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi munkamveka Chinyanja, Chiyao ndi Chisena, munkavinidwa Gule Wamkulu pamaliro, ndipo munali timizikiti ta Ayao. Ashona adatchula anthuwa kuti Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ndipo gule wawo adamutcha zvigure. Kwawo ku Malawi, amene adapita osabweranso ankatchedwa matchona.

Mmodzi mwa alimi a fodya a nthawi imeneyo adali Tom Blomefield, amene adabadwa mu 1926 ku South Africa n'kupita ku Rhodesia nkhondo itangotha. Famu yake ya Tengenenge idali m'mphepete mwa mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke, umene umadula dziko la Zimbabwe pakati kwa makilomita oposa 500 ndipo uli ndi miyala ya chrome. Blomefield ankalima fodya komanso kukumba chrome. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith lidalengeza kuti ladzipatsa ufulu mogalukira Britain. Britain idaleka kugula fodya wa ku Rhodesia, ndipo mu December 1966 bungwe la United Nations lidaika ziletso za malonda pa katundu wa dzikolo, fodya ndi chrome yemwe. Alimi ambiri adachepetsa minda n'kuchotsa antchito. Mshona wochotsedwa ntchito akanatha kubwerera kumudzi kwawo. Mtchona amene adachoka ku Dedza kapena ku Mangochi zaka 20 m'mbuyomo, atakwatira komweko n'kubereka ana, adalibe kolowera.

M'nyengo imeneyi pafamupo padafika mnyamata wina Mshona, Crispen Chakanyuka, amene adaphunzira kusema miyala kwa Joram Mariga ku Nyanga. Chakanyuka ndiye adaonetsa Blomefield kuti paphiri la pafupi ndi famuyo padali mwala wa serpentine wolimba, wabwino kusema. Iye adayamba kuphunzitsa mwini famu pamodzi ndi antchito ake kagwiridwe ka nyundo ndi tchizulo. Mmodzi mwa oyambirira kusema adali Lemon Moses, wochokera ku Malawi. Mbiri idamveka m'mafamu oyandikana nawo kuti ku Tengenenge munthu akupatsidwa mwala, zipangizo ndi chakudya kuti ayese dzanja lake, ndipo anthu adayamba kubwera.

Mayina a amene adasonkhana kumeneko akuonetsa okha kusakanikirana kwa mitundu. Henry Munyaradzi, amene adabadwa mu 1931, ndi Bernard Matemera, amene adabadwa mu 1946, adali Ashona a ku Guruve komweko. Sylvester Mubayi adalinso Mshona. Koma Fanizani Akuda adali Mchewa wobadwira kum'mawa kwa Zambia mu 1932, amene adapita ku Rhodesia mu 1949 nagwira ntchito zosiyanasiyana, yothyola thonje, youmba njerwa ndi yoluka madengu, mpaka kufika pokhala kapitawo pafamu. Ku Tengenenge adayamba ndi ntchito yokumba miyala, kusema kudabwera pambuyo. Josiah Manzi adabadwira ku Rhodesia mu 1933 kwa makolo Achiyao ochokera ku Malawi. Amali Malola adali Myao wa ku Malawi. Wazi Maicolo adali Myao wa ku Mozambique. Makina Kameya adali Mbunda wa ku Angola. Barankinya Gosta, Mchewa wochokera ku Mozambique, ankasema mitengo n'kuipaka utoto.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alendo a ku Tengenenge adabwera ndi chinthu chimene eni dera adalibe. Ashona ali ndi miyambo yawo yozama ya mizimu, ya mbira ndi ya kusema mitsamiro, ndodo ndi ng'oma, koma alibe mwambo wa zigoba zovala kumaso. Achewa ali nawo m'Gule Wamkulu, Ambunda ali nawo m'makishi, ndipo Ayao ali ndi zithunzi zawo za kuchinamwali. Munthu wokulira kumene nkhope imasemedwa kuti iseketse, iopseze kapena idzudzule amadziwa kale kuti kukulitsa mphuno, kutsinzinitsa maso kapena kupotoza mlomo kumalankhula. Ziboliboli za Fanizani Akuda zimadziwika ndi maso ozungulira okhala ndi kamzere kopyapyala pakati, masaya otukumuka, ndi anthu oimba mluzu kapena omwetulira. Za Josiah Manzi zimakhala ndi mitu yosongoka ndi makosi aatali, munthu akusanduka mbalame kapena nyama monga m'nthano. Zopakidwa utoto za Gosta zidatengera poyera maonekedwe a zigoba za Achewa. Osemawa sankatenga zinsinsi za kudambwe n'kuziika pamsika, koma diso lawo lidaphunzira kwawo, ndipo anzawo Achishona osema nawo pansi pa mitengo imodzi adatengerako, monganso iwo adatengera kwa Ashonawo.

Kuti miyala igulidwe padafunika msika, ndipo msika udali m'manja mwa munthu mmodzi ku Salisbury. Frank McEwen, Mngelezi amene adakhala zaka zambiri ku Paris pakati pa akatswiri a zojambula, adali mkulu woyamba wa nyumba ya zaluso ya Rhodes National Gallery, imene idatsegulidwa mu 1957. Iye adachita chinthu chimene azungu ambiri a ku Rhodesia adadana nacho: adapereka utoto ndi zipangizo kwa anthu akuda, kuyambira ndi alonda a m'nyumbamo monga Thomas Mukarobgwa, nayambitsa gulu lotchedwa Workshop School. Joram Mariga atamuonetsa zosema zake za mwala, McEwen adaona kuti wapeza chimene ankafuna. Blomefield atayamba kubweretsa miyala ya ku Tengenenge, McEwen adailandira n'kuyamba kuionetsa ndi kuigulitsa.

McEwen ankadziwa makhalidwe a ogula a ku Paris, London ndi New York. Iwo sakanatsegula zikwama zawo chifukwa chouzidwa kuti mwala wasemedwa ndi wantchito wa pafamu ya fodya amene adagwira tchizulo koyamba chaka chatha. Ankafuna nkhani ya mtundu umodzi wakalekale umene luso lake lidagona tulo n'kudzukanso. Nkhani yotero idalipo pafupi: mbalame 8 zamwala zimene zidapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe, mzinda umene makolo a Ashona adamanga zaka mazana ambiri zapitazo. McEwen adalumikiza osema atsopanowa ndi mbalame zimenezo ndi chipembedzo cha mizimu cha Ashona, ndipo dzina loti Shona sculpture lidakhazikika. Pansi pa dzina limeneli miyala ya ku Rhodesia idaonetsedwa ku Musée Rodin mumzinda wa Paris mu 1971, ndi ku London mu 1972.

Dzinalo lidali ndi phindu lake, ndipo si bwino kulinyoza mopanda chilungamo. Pa nthawi imene boma la Smith linkaphunzitsa kuti munthu wakuda sakanatha kumanga Great Zimbabwe, kunena poyera kuti Ashona ali ndi luso lalikulu lochokera kwa makolo awo kudali kutsutsa boma. Ndiponso ambiri mwa akatswiri otchuka, monga Mariga, Munyaradzi, Matemera, Mubayi, Nicholas Mukomberanwa ndi abale awiri John ndi Bernard Takawira, adalidi Ashona. Vuto lidali loti dzinalo lidaphimba onse. Pakati pa mbalame za ku Great Zimbabwe ndi osema a m'ma 1960 padali zaka mazana angapo zopanda mwambo wosema ziboliboli zamwala zotere. Luso latsopanoli lidabadwira m'masukulu a mishoni monga Serima ndi Cyrene, m'nyumba ya zaluso ya m'tauni, ndi pa komboni ya famu. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Jonathan Zilberg, adalemba kafukufuku wake wa mu 1996 pa mfundo yomweyi, kuti mwambo wotchedwa wa Chishonawu udachita kupangidwa m'zaka zimenezo, ndi kuti alendo adali ndi gawo lalikulu pa chiyambi chake.

Ubale wa McEwen ndi Blomefield sudakhalitse. McEwen ankafuna osema ochepa osankhidwa bwino, ndipo ankaopa kuti miyala ikachuluka idzasanduka tizinthu togulitsa kwa alendo pabwalo la ndege. Blomefield ankalandira aliyense wobwera, poti cholinga chake choyamba chidali choti anthu adye. Mu 1969 adasiyana. McEwen adakhazikitsa malo ake ku Vukutu, kufupi ndi Nyanga, ndipo Sylvester Mubayi adapita kumeneko. Tengenenge idatsala yodzigulitsira yokha. Mkangano wa anthu awiriwa sudathe mpaka lero, chifukwa funso lake likadalipo pa tsamba lililonse la malonda: kodi mwala uwu ndi ntchito ya mmisiri wodziwika, kapena ndi umodzi mwa mazana ofanana osemedwa kuti mwana apite kusukulu? Ku Tengenenge zonse ziwiri zakhala zikuchitika pabwalo limodzi.

Kenaka kudabwera nkhondo. Pa 21 December 1972 asilikali a ZANLA adaukira famu ya Altena ku Centenary, ndipo chigawo chonse cha kumpoto chakum'mawa chidasanduka bwalo la nkhondo yomenyera ufulu. McEwen adachoka m'dzikomo mu 1973. Ogula adaleka kufika ku Guruve. Mu 1975 Fanizani Akuda ndi Henry Munyaradzi adasamukira ku Chitungwiza, kufupi ndi Salisbury, kumene adapitiriza kusema. Ena adabalalika. Josiah Manzi ndi banja lake adali m'gulu la ochepa kwambiri amene adatsala pamalopo, pakati pa miyala yosemedwa imene udzu udayamba kuimeza.

Ufulu utabwera mu 1980, Tengenenge idadzukanso. Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zidali za zokolola. Bernard Matemera, amene adakhala ngati mtsogoleri wa osema pamalopo, adapambana mphoto pa chionetsero chachikulu cha ku New Delhi mu 1986. Roy Guthrie, mwini malo oonetsera ziboliboli a Chapungu ku Msasa mumzinda wa Harare, adatumiza miyala ku zionetsero za m'maiko ambiri. Ogula a ku Netherlands ndi ku Germany ankabwera okha kudzadzaza makontena. Kachitidwe ka ku Tengenenge kadali kosavuta kumva: wosema aliyense adali ndi kabwalo kake pansi pa mitengo, miyala yake itaikidwa pa zitsa, uliwonse uli ndi chizindikiro cha mwini wake. Wogula ankayenda yekha pakati pa miyala zikwizikwi, ndipo akakonda umodzi ankatha kumupeza mwini wake ali pantchito n'kucheza naye. Mwala ukagulidwa, gawo la ndalama linkatsala ku ofesi ya pamalopo kuti lithandize kukumba miyala ndi kuyendetsa zinthu, lotsalalo linkapita kwa wosema. Ana adakulira m'phokoso la nyundo n'kutengera ntchito ya makolo awo, ndipo Gule Wamkulu adapitiriza kutuluka pamalopo.

M'chaka cha 2000 boma la Robert Mugabe lidayamba kulanda mafamu a azungu mwachangu. Nkhani ya malo ku Zimbabwe idali bala lakale lofunika mankhwala, koma antchito a m'mafamu, amene adalipo oposa 300,000 osawerengera mabanja awo, adapezeka pakati pa moto. Ambiri adataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo ochepa okha ndiwo adalandira malo. Zidzukulu za matchona zidavutika koposa, poti zidalibe mfumu kapena mudzi woti zikapemphe munda. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake akane unzika umenewo m'miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira m'makomboni, amene sadapondepo ku Malawi ndipo ambiri adalibe ngakhale kalata ya kubadwa, adauzidwa kuti akakane dziko limene sadalione. Zitupa zawo zidalembedwa kuti ndi alendo, ndipo ambiri sadavote pa chisankho cha 2002. Andale ena ankawanyoza kuti ndi anthu opanda mfunda, ngati kuti Banda, Phiri, Mwale ndi Mbewe si mifunda. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, ngakhale kupeza mapepala kudakhalabe kovuta kwa ambiri.

Apa ndi pamene mbiri ya miyala ikukumana ndi mbiri ya anthu. Munthu mmodzimodziyo, ntchito ya manja ake ikafika ku Amsterdam inkatchedwa ya Chishona, koma iye akafika pa ofesi ya zitupa ankatchedwa mlendo. Dziko lidalandira mwala n'kuupatsa dzina la eni nthaka, woupanga n'kumusiya pakhomo. Palibe amene adakhala pansi kukonza kuti zikhale chomwecho. Dzina la pamwala lidachokera kwa wogulitsa wofuna msika, dzina la pachitupa lidachokera kwa andale ofuna mavoti. Koma zotsatira zake zidagwera anthu amodzi, ndipo m'malo onse awiri chimene chidasowa ndi dzina lenileni la munthuyo ndi kwawo.

Tengenenge sidalandidwe ngati mafamu oizungulira, koma idataya ogula. Alendo odzaona dziko adachepa kwambiri kuyambira 2000, ndipo pofika 2008 ndalama ya Zimbabwe idasanduka mapepala. Blomefield adatula udindo mu 2007 n'kuusiya m'manja mwa Dominic Benhura, wosema wotchuka wa m'badwo wotsatira, ndipo adamwalira mu 2020. Akatswiri oyamba adatha mmodzimmodzi: Munyaradzi mu 1998, Matemera mu 2002, Fanizani Akuda mu 2011. Mliri wa Covid-19 utatseka maulendo mu 2020, njira yakale yoti wogula afike yekha pabwalo idatsala pang'ono kufa. Osema ambiri adatembenukira ku foni, kujambula miyala yawo n'kutumiza zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook kwa ogula ndi kwa eni masitolo a zaluso a kunja.

Malonda a pa intaneti ali ndi khalidwe limene McEwen akanalizindikira msanga. Wogula amapeza katundu polemba mawu, ndipo wogulitsa amaika mawu amene anthu ambiri amalemba. Popeza dziko lidazolowera kale mawu oti Shona sculpture, ndiwo amene amaikidwa pa mwala uliwonse wochokera ku Zimbabwe, ngakhale nyumba zambiri za zaluso ndi olemba mabuku tsopano amakonda kunena kuti ziboliboli zamwala za ku Zimbabwe. Mdzukulu wa Mchewa wa ku Guruve amene akufuna kugulitsa mwala wake amalembanso mawu omwewo, chifukwa akalemba kuti ndi wa Chichewa palibe amene adzaupeze. Dzina limene lidapangidwa kuti likope ogula a ku Paris mu 1971 lasanduka khomo lokhalo lolowera pamsika.

Palinso nkhani ya kulemera. Mwala wa springstone wofika m'chiuno mwa munthu umalemera kuposa thumba la chimanga, ndipo mtengo woutumizira kunja ungapose mtengo wa mwalawo. N'chifukwa chake pa intaneti pamayenda kwambiri timiyala ting'onoting'ono tokwana m'katoni, ndi zithunzi zosindikiza. Makampani ambiri osindikiza zithunzi amagwira ntchito motere: munthu amaika chithunzi pa tsamba lawo, wogula akachifuna kampani imachisindikiza papepala kapena pansalu, n'kuchitumiza, ndipo gawo la ndalama limapita kwa amene adaika chithunzicho. Ngati chithunzicho ndi cha chiboliboli kapena cha gule ali m'bwalo, wolandira ndalama ndi wojambula ndi kamera. Wosema mwalawo, kapena mudzi umene guleyo adatulukira, kawirikawiri satchulidwa n'komwe. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma ulemu umenewo sulondola chithunzi chilichonse chopachikidwa pabalaza la munthu.

Kumene dzina lili ndi mtengo, akuba dzina sasowa. Masemedwe a Fanizani Akuda ndi a Henry Munyaradzi ndi osavuta kuwazindikira, ndipo n'chifukwa chake ndi osavutanso kuwatsanzira. Chizindikiro cha pansi pa mwala chimatha kulembedwa ndi aliyense wokhala ndi msomali. Ngakhale mtundu wa mwala umanamiza pa chithunzi. Wosema akamaliza kusalaza mwala ndi tupa ndi sandipepa wonyowa, amautenthetsa pamoto n'kuupaka phula, ndipo ukazizira amaupukuta mpaka kuwala. Mwala wofewa, wosachedwa kukalika kapena kusweka, ukapakidwa bwino umaoneka pafoni ngati springstone wolimba amene amatenga masabata kusema. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Wogula sangathe kukonza mbiri yonseyi, koma ali ndi mphamvu imodzi imene wogulitsa amaimvera, ndiyo kufunsa asanalipire. Adasema mwalawu ndani? Amakhala kuti, ndipo ali moyo? Ndi mwala wamtundu wanji, wokumbidwa kuti? Ngati akuti ndi wa mmisiri amene adamwalira, udadutsa m'manja mwa yani kuchokera pabwalo lake kufika pano? Ngati ndi chithunzi chosindikiza, chojambulidwacho n'cha yani, ndipo mwini wake adavomera? Wogulitsa wokhulupirika amayankha mafunso otere mosavuta, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi chithunzi cha wosema ali pambali pa ntchito yake. Amene amangobwereza kuti ndi luso lakale la Ashona wasonyeza kuti sakudziwa, kapena sakufuna kunena. Ndipo kumene kuli kotheka kugula kwa wosema mwiniwake kapena kudzera ku ofesi ya malo ngati Tengenenge, ndalama yambiri imafika m'manja amene adagwira nyundo.

Kwa ife olankhula Chichewa nkhaniyi ili ndi mbali ina. M'midzi yambiri ya ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Katete ndi Angónia muli mabanja amene amakumbukira agogo kapena amalume amene adapita ku Halale osabwerera. Kawirikawiri amakumbukiridwa ngati anthu otayika, amene thukuta lawo lidathera m'fodya wa eni ake. Ambiri zidawatheradi choncho. Koma ena mwa iwo, msika wa fodya utagwa, adatola nyundo n'kuthandiza kuyambitsa luso limene lero dziko la Zimbabwe limanyadira nalo pamaso pa maiko onse, ndipo ntchito zawo zili m'nyumba za zaluso ndi m'minda ya maluwa ku Ulaya ndi ku America. Ana a sukulu ku Lilongwe ndi ku Chipata akamaphunzira za anthu opita kunja kukagwira ntchito, mayina a Lemon Moses, Amali Malola, Josiah Manzi, Barankinya Gosta ndi Fanizani Akuda ayenera kumveka nawo m'kalasimo. Ndipo amene akufuna kugula mwala wa ku Zimbabwe kuti auike pabalaza, ayambe walemba mayina amenewa pamalo ofufuzira, aone ntchito zawo, kenaka afunse za ana ndi zidzukulu zawo amene akusemabe ku Guruve ndi ku Chitungwiza.